Phunziro la 17: Kusintha Magiya Mosagwedeza Galimoto

Tsiku lina tikuphunzira kulemba manambala m'kalasi mwathu kuno ku Tsangano, bambo wina adaimirira. Adati: "Aphunzitsi, manambala awa ine ndidawaona kale. Adalembedwa pamutu pa ndodo ya m'galimoto imene imanyamula mbatatesi zathu. Palinso chilembo R. Kodi atanthauzanji?" Tidawayankha pang'ono, koma dzuwa lidali litapendeka ndipo amayi adafuna kukaphika. Phunziro ili ndilo yankho lathu lonse.

Ife ndife aphunzitsi, ntchito yathu ndi choko ndi bolodi. Kuyendetsa galimoto tidaphunzira kwa mkulu wina, dalaivala wakale. Iwo adayamba kugwira chiwongolero m'minda ikuluikulu ya CAIA, Tsangano asanapatulidwe ku Angónia kukhala boma pa lokha mu 1986. Masiku ano amayendetsa kagalimoto konyamula katundu, ndipo pa kagalimoto kameneko ndi pamene tidachitira manyazi athu oyamba.

Zopondera zitatu ndi ndodo imodzi

M'dziko lathu galimoto zimayenda kumanzere kwa msewu, monga ku Malawi ndi ku Zambia. Dalaivala amakhala kumanja, ndipo ndodo ya magiya amaigwira ndi dzanja lamanzere. Pansi, ku mapazi, pali zopondera zitatu. Cha kumanzere ndi kilachi, imene m'Chipwitikizi amati embraiagem. Cha pakati ndi buleki. Cha kumanja ndi moto. Phazi lamanzere lili ndi ntchito imodzi yokha, kuponda kilachi. Phazi lamanja limaponda moto kapena buleki, osati zonse pamodzi.

Tsopano tiwerenge pamutu pa ndodo. Timaona 1, 2, 3, 4, 5 ndi R. Manambala ndiwo magiya opitira kutsogolo. Ena kuno amati mudansa. R ndi giya yobwerera m'mbuyo. Mizere yolumikiza manambalawo ikufanana ndi chilembo H chimene tidalemba sabata yatha, ndipo ikusonyeza njira imene ndodo imayendamo. Mzere wopingasa pakati ndi malo opanda giya. Madalaivala amati fili, ena amati ponto morto. Ndodo ikakhala pamenepo injini imalira, koma matayala salandira mphamvu. Malo a R sakhala amodzi m'galimoto zonse. Choncho musanalize injini ya galimoto yachilendo, yambani mwawerenga pa ndodo.

Chifukwa chiyani magiya ali ambiri?

Injini ili ndi khalidwe lake. Siingathe kuzungulira pang'onopang'ono monga ng'ombe imayendera. Ngakhale galimoto itaima, injini ya galimoto yaing'ono imazungulira ka 800 kapena kuyandikira pamenepo pa mphindi imodzi. Ikatsika kwambiri, imazima. Koma tayala liyenera kuyamba litaima chilili, kenaka n'kumathamanga. Bokosi la magiya ndilo limagwirizanitsa ziwirizi.

M'bokosimo muli magudumu a mano, ena aakulu, ena aang'ono, olumana. Tichite masamu. Gudumu laling'ono lili ndi mano 12, lalikulu lili ndi mano 36. Laling'ono likazungulira katatu, lalikulu lazungulira kamodzi. Lalikulu likuchedwa katatu, koma likukoka ndi mphamvu yochuluka katatu. Giya yoyamba ili chomwecho. M'galimoto zambiri zazing'ono, injini imazungulira katatu kapena kanayi kuti chitsulo chotuluka m'bokosi chizungulire kamodzi. Pa giya yachinayi nthawi zambiri ziwirizi zimazungulira mofanana. Pa yachisanu chitsulo chija chimapambana injini pang'ono.

Tsono giya yaing'ono ndi ya mphamvu, giya yaikulu ndi ya liwiro. Palibe giya yokhala nazo zonse ziwiri. Aliyense amene adakwerapo njinga ya magiya pa chitunda akuchidziwa ichi m'miyendo mwake.

Kilachi

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo tikhalapo kanthawi.

Kumbuyo kwa injini kuli chimbale chachitsulo cholemera. Chimazungulira nthawi zonse injini ikamalira. Pafupi nacho pali mbale ina yopyapyala, yolumikizidwa ku bokosi la magiya. Mbaleyi idakutidwa ndi zinthu zokhakhala, zofanana ndi za mabuleki. Sipuling'i yolimba imaikanikiza pa chimbale chija, ndipo ziwirizo zimazungulira ngati chinthu chimodzi. Tikaponda kilachi mpaka pansi, mbale zimalekana. Injini imazungulira yokha, matayala okha. Tikachotsa phazi, mbale zimagwirananso.

Pakati pa kulekana ndi kugwirana pali kamalo kakang'ono. Pamenepo mbale zayamba kukhudzana koma zikali kutererana. Mkulu wathu uja amati ndi "pamene yaluma". Munthu amene wapeza kamalo kameneka ndi phazi lake waphunzira theka la ntchito.

Amayi akudziwa kusenzetsana ndowa ya madzi ku mjigo. Ukakweza ndowa pamutu pa mnzako sumangoisiya. Umaikhazika pa nkhata, n'kuigwirabe mpaka khosi lake litalandira kulemera konse, ndipo pamenepo umachotsa manja. Ukaisiya mwadzidzidzi, madzi amatayika ndipo khosi limapweteka. Phazi lamanzere likusenzetsa injini galimoto yonse ndi katundu wake. Likachoka msanga, galimoto imadumpha ngati chule n'kuzima.

Ife idatizimira kasanu ndi kawiri tsiku loyamba, pa bwalo la mpira, ana a sukulu akuonerera. Tidafuna kutsika. Mkulu uja adati: "Aphunzitsi, khalani pomwepo. Inu mumauza agogo kuti alembe A kakhumi osatopa. Lero A wanu ndi ameneyu." Kenaka adatiletsa kukhudza moto. Adati tiponde kilachi, tilowetse giya yoyamba, tikweze phazi pang'onopang'ono mpaka kulira kwa injini kutsike ndipo galimoto iyambe kunjenjemera, tsono tiimitse phazi pomwepo. Tidatero. Galimoto idayamba kukwawa yokha. Tidapondanso kilachi, idaima. Tidabwereza mpaka madzulo. Pa malo athyathyathya, opanda katundu, galimoto ya dizilo imanyamuka chotero popanda moto. Ya petulo imafuna moto pang'ono.

Koma kamalo kameneka si kokhalapo. Mbale zikamatererana zimatentha ndi kudyeka. Dalaivala amene amayenda phazi lili pa kilachi, ngakhale mongoligoneka, akudya mbale yake tsiku ndi tsiku. Chizindikiro chake ndi fungo la chinthu chopserera. Pambuyo pake injini imalira kwambiri pa chitunda koma galimoto osathamanga. Kuti makaniko asinthe mbaleyo ayenera kutsitsa bokosi lonse la magiya, ndipo mbale yatsopano mwina ikachokera ku Ulongwe kapena ku Tete. Masiku amenewo mbatatesi zili m'matumba m'mbali mwa msewu, zikuwombedwa ndi dzuwa, ndipo wogula wapita kwa wina. Mukatha kusintha giya, chotsani phazi lonse, liikeni pansi pambali.

Kukwera giya

Galimoto yanyamuka. Giya yoyamba ntchito yake yatha msanga, pakangopita mamita ochepa. Injini yayamba kulira mokweza, ikupempha giya yachiwiri. Chotsani phazi pa moto, ndipo nthawi yomweyo pondani kilachi mpaka pansi. Kokerani ndodo pakati, ipume pamenepo kamphindi, kenaka ipititseni pa 2. Kwezani phazi lamanzere mofatsa, uku lamanja likubwerera pa moto.

Mapazi awiriwa ali ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi. Munsi wina ukamakwera, wina ukutsika. Akalakwitsa, minsi imagundana. Mukaponda kilachi moto musanauchotse, injini imakuwa pachabe. Mukachotsa moto n'kuchedwa kuponda kilachi, galimoto imagwada ndipo anthu amagwera kutsogolo.

Ndodo siifuna nkhonya. Igwireni ndi chikhatho, muitsogolere. Ikasiyidwa pa fili imadziimika yokha pakati pa 3 ndi 4, chifukwa ili ndi sipuling'i. Tsono pochoka pa 2 kupita pa 3 musaikankhire kumbali ndi mphamvu. Itulutseni, ilekeni ibwere pakati, kenaka ikankhireni kutsogolo. Ife tinkaikankha kwambiri, n'kulowa pa 5, galimoto n'kuyamba kutsokomola. Ndipo maso akhale pa msewu. Dzanja liphunzire njira za ndodo galimoto itaima, injini itazima, kilachi itapondedwa.

Kodi tisinthe nthawi yanji? Pa msewu wabwino, galimoto yaing'ono yopanda katundu imafuna giya yachiwiri pa makilomita 15 kapena 20 pa ola, yachitatu cha m'ma 30, yachinayi cha m'ma 50, yachisanu kupitirira 60. Manambala amenewa ndi ongothandiza poyamba. Katundu akachuluka kapena msewu ukakwera, giya iliyonse imafunika kuikhalitsa. Galimoto zina zili ndi wotchi ya injini yolembedwa 1, 2, 3, 4. Nambala iliyonse tiichulukitse ndi 1000. Muvi ukaloza pa 2, injini ikuzungulira ka 2000 pa mphindi. Injini ya dizilo imafuna kusintha cha pamenepo, ya petulo pamwamba pang'ono. Koma mkulu wathu adaphimba wotchiyo ndi chipewa chake. Adati khutu ndilo liphunzire. Injini ikalira mokuwa, kwerani giya. Ikalira mobuula, galimoto n'kumanjenjemera, tsikani giya.

Adatipatsanso muyeso wina umene tidaukonda. Adati: "Yang'anani m'kalilole mitu ya anthu amene mwanyamula kumbuyo. Ikagwedera ngati akuvomera mlandu, mwasintha moipa." Ndi muyeso wabwino, chifukwa kuno galimoto imodzi ndiyo imanyamula feteleza, ndiyonso imanyamula mayi wapakati usiku kupita naye ku chipatala. Kwa mayi ameneyo kugwedeza kulikonse ndi ululu.

Kutsika giya n'kovutirapo. Pa liwiro lomwelo, giya yaing'ono imafuna kuti injini izungulire msanga. Mukangolowetsa n'kusiya kilachi, matayala amakokera injini m'mwamba mwadzidzidzi ndipo galimoto imagwada. Tsono yambani mwachepetsa liwiro ndi buleki. Kapena, ngati muli pa chitunda, patsani moto pang'ono kilachi ikali pansi, kuti injini ikwere ikakumane ndi liwiro la matayala. Zikakumana, wokwera sadziwa n'komwe kuti mwasintha.

Mano a magiya kulira kuti khrrr

M'bokosi la magiya muli timphete tachitsulo chofewa. Ntchito yake ndi kulinganiza liwiro la magudumu awiri asanalumane. Nzeru imeneyi idayamba kuikidwa m'galimoto za Cadillac ku America mu 1928. Kamphindi kaja timapumitsa ndodo pakati n'kopatsa timpheteti nthawi yogwira ntchito. Giya ikalira khrrr, ndiye kuti kilachi sinafike pansi, kapena dzanja lafulumira, kapena timphete tatha. M'galimoto zambiri giya ya R ilibe kamphete kotere. Imani kotheratu musanailowetse.

Malole ambiri akale adalibe timpheteti. Dalaivala ankaponda kilachi kawiri: kamodzi potulutsa giya, n'kusiya ndodo pa fili kilachi itakwezedwa, kachiwiri polowetsa. Potsika giya ankapatsa moto pakatipo. Mkulu wathu amachitabe chomwecho ngakhale galimoto yake siifuna, ndipo sitidamvepo giya yake ikulira.

Chitunda

Dziko lathu ndi la mapiri. Wochoka ku Ntengo-wa-Mbalame kupita ku Tsangano, kapena wochoka ku Furancungo kupita ku Chidzolomondo, sangayende nthawi yaitali pa giya imodzi. Lamulo la chitunda ndi ili: sinthani musanafike. Mukaona mtunda kutsogolo, katundu ali wodzaza, lowani giya yaing'ono mukali pansi. Wodikira mpaka injini itafooka pakati pa phiri amapeza kuti poponda kilachi galimoto yaima, ndipo yayamba kubwerera.

Zikatero musachite mantha. Pondani buleki, kokani buleki ya pamanja. Lowetsani giya yoyamba. Patsani moto wokwanira, kwezani kilachi mpaka pamene yaluma. Mudzamva galimoto ikukoka ngati ng'ombe zatsamira pa goli. Pamenepo masulani buleki ya pamanja pang'onopang'ono. Ngati lole ndi yolemera, wothandiza atsike aike mwala kumbuyo kwa tayala, ndipo aime pambali, osati kumbuyo. Musaimike galimoto pa chitunda ndi kilachi yokha poyembekeza wina adutse. Mphindi zochepa zotero zimadya mbale kuposa ulendo wathunthu.

Pa matope a m'dzinja ndi chimodzimodzi. Sankhani giya musanalowe, kawirikawiri yachiwiri, ndipo pitani ndi moto wosasintha. Mukasintha giya pakati pa matope, matayala amataya mphamvu ndipo mumatitimira. Moto wambiri nawo umangozunguza matayala n'kukumba dzenje.

Mtsetse

Chitunda chimachititsa manyazi, koma mtsetse ndiwo umapha. Ife timakhala pamwamba, kozizira. Msika waukulu uli pansi, ku Moatize ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi. Mbatatesi ndi tirigu wa ku Tsangano, fodya ndi chimanga cha ku Macanga, zonse zimatsika galimoto zitadzaza, ndipo kawirikawiri pamwamba pa matumba pamakhala anthu.

Tidaona tokha. Tidakwera lole ya mbatatesi popita ku msonkhano wa aphunzitsi. Woyendetsa adali mnyamata wa msinkhu wathu. Pa mtsetse wautali adaika ndodo pa fili, akuti apulumutse dizilo. Lole idayamba kuthamanga, iye n'kumaigwira ndi buleki yokha. Patapita kanthawi tidamva fungo. Adaponda buleki, lole osamvera. Adayesa kulowetsa giya, ndodo idangolira khrrr n'kukana, chifukwa matayala adali kuthamanga kwambiri kuposa injini. Mwayi wake msewu udakhota pamene padali chigumula cha dothi, ndipo adakhuza lole pamenepo mpaka idaima. Matumba adagwa. Mayi wina wogulitsa, amene adakhala pamwamba, adathyoka mkono. Mbatatesi zimene zidamwazika mumsewu zidali za mabanja atatu.

Chidachitika n'chiyani? Buleki imaimitsa galimoto pokhuzana ndi chitsulo, ndipo kukhuzanako kumabala kutentha. Ikapondedwa kosalekeza imatentha mpaka kuleka kugwira. Nthawi zina mafuta a buleki amawira, chopondera n'kungolowa pansi ngati waponda phala. Koma galimoto ikakhala m'giya yaing'ono, phazi litachoka pa moto, injini yomwe imaigwira. Matayala amakakamizika kuzunguza injini, ndipo injini imakana kufulumira. Buleki imangothandiza apa ndi apo, n'kupeza nthawi yozizira. Malole ena, monga Canter, ali ndi kandodo pa chiwongolero kotsekera utsi kuti injini igwire kwambiri. Nakonso kamagwira ntchito lole ikakhala m'giya basi.

Madalaivala akale amati phiri ulitsike ndi giya imene ungalikwerere. Ngati pokwera ndi katundu ameneyu mukadafuna yachiwiri, tsikani ndi yachiwiri, ndipo muilowetse pamwamba, liwiro likali lochepa. Kuponda kilachi mtsetse wonse n'chimodzimodzi ndi kuika pa fili. Ndipo dizilo amene mnyamata uja ankati akupulumutsa sankapulumuka. M'galimoto zambiri za masiku ano, mukatsetsereka muli m'giya osaponda moto, injini imaleka kumwa mafuta. Pa fili imamwabe kuti isazime.

Inu amene simudzayendetsa, ichi chikukhudzaninso. Mukakwera lole n'kumva kuti pa mtsetse injini yakhala chete koma liwiro likukula, dziwani kuti ili pa fili. Menyani pa denga, lankhulani. Ndalama mwalipira ndi zanu, ndipo mkono ndi wanu.

Kumene mungaphunzirire

Phunzirani pa malo apululu, opanda ana ndi ziweto, munthu wodziwa ali pambali panu, dzanja lake lili pafupi ndi buleki ya pamanja. Musaphunzirire pa lole yonyamula anthu. Kuyenda pa msewu wa onse kumafuna karta, chiphaso cha boma choyendetsera. Ya galimoto yaing'ono imaperekedwa kwa munthu wa zaka 18 kapena kuposa, atapita ku sukulu yoyendetsa ndi kukhoza mayeso. Mayeso a malamulo a pamsewu ndi owerenga, ndipo ali m'Chipwitikizi. Bambo aja adafunsa za chilembo R titawauza zimenezi, adapempha kuti Lachisanu lililonse tiziwerenga zikwangwani za pamsewu. Tayamba ndi STOP.

Tilembe

Lembani m'makope mwanu mawu awa: giya, kilachi, buleki, injini, chitunda, mtsetse. Jambulani chilembo H chachikulu, muonjeze mzere wachitatu kumanja, ndipo muike 1, 2, 3, 4, 5 ndi R monga mudaonera m'galimoto ya kwanu.

Tiwerengere

Gudumu laling'ono lili ndi mano 10. Lalikulu lili ndi mano 40. Kodi laling'ono lizungulire kangati kuti lalikulu lizungulire kawiri?

Tikambirane

Kodi mtsetse woopsa kwambiri pa njira ya ku msika wanu uli pati? Madalaivala amautsika ndi giya yanji? Amene adamvapo fungo la buleki kapena la kilachi ali pa ulendo afotokozere anzake chimene chidatsatira.